Pakati pa Zitsime Ziwiri

Ndili ndi zitsime makumi atatu ndi ziwiri m'kope langa,
chilichonse kadontho ka inki, nambala pambali pake:
Mabvuku, mamita khumi ndi anayi;
Budiriro, makumi awiri ndi imodzi, madzi onunkha dzimbiri;
ku Hatcliffe mwini mpanda anandibweza pageti,
galu wake ndiye anandiperekeza mpaka kumsewu.
Kotsalako, Harare yense ndi pepala loyera.

A Nhamburo amalowa m'kalasi choko chili kale m'manja.
Akuti nthaka ili ngati anthu:
oyandikana amapemphana mchere, amatengerana kayankhulidwe,
otalikirana sadziwana n'komwe.
Funso lathu, akuti, ndi limodzi:
chinansi chimathera pa mtunda wanji?

Ndiye usiku, magetsi akabwera cha m'ma leveni,
ndimakwatitsa zitsime ziwiriziwiri,
ichi ndi icho, icho ndi chija,
kuyeza mtunda, kuyeza kusiyana kwake,
mpaka timadontho titakwera pakompyuta ngati mbuzi pachulu,
kukwera, kukwera,
kenaka njii.
Makilomita anayi ndi theka.
Kupyola apo chitsime sichidziwa chinzake.

Ndinawauza bambo.
Anali pa njerwa yawo ija, akusoka nsapato ya kondakitala,
anaseka ulusi uli kukamwa:
"Anayi ndi theka basi?
Ku Dedza sindinapondeko chibadwire,
koma ndikatsokomola, achikulire a kuno amatembenuka,
ati amva malemu a Chimkono."
Ndinayang'ana m'kope. Munalibe malo olembapo zimenezo.

Chondisowetsa tulo sichinali mtunda ayi,
koma mzere uja wokana kuyambira pansi:
ngakhale zitsime zitagundana mapewa
pamatsalabe kusiyana kopanda mwini.
Ku Tafara, kwa Mai Rusere, madzi ali pa mamita khumi ndi awiri.
Kuseri kwa mpanda womwewo, mapazi makumi awiri okha,
anaboola mpaka makumi anayi,
kunangotuluka fumbi lotuwa ndi ngongole.
Ndinayeza kawiri, ndimati tepi yandinamiza.
A Nhamburo anangoti, lemba momwemo,
mwala wa pansi pano uli ndi ming'alu yake,
suuza munthu.

Lachinayi mapu anatuluka awiri.
Oyamba osalala, obiriwira kuchoka uku kufika uko, opanda chibowo,
ngati kuti ndinagogoda khomo lililonse.
Achiwiri ndiwo kazitape:
amawala pomwe ndinatsitsa tepi,
n'kumada, kumada, kulowera komwe ndalama ya kombi inandithera.
Nyumba yathu ili pakati penipeni pa mdimawo.
Ndinayendera zitsime za eni
osayeza pansi pa mapazi anga.

Dzulo kwabwera a Nasimango a pakona,
zigubu zitatu zouma pa wilibala,
ndalama ya chipereganyu cha amayi khumi itamangidwa kumsonga kwa chitenje.
"Iwe wa ku yunivesite, tiboole pati?"
Ndinaloza kufupi ndi mtengo wa mapeyala,
ndinati mamita khumi ndi asanu ndi atatu,
koma atha kuchepa ndi asanu ndi awiri, atha kuchuluka chimodzimodzi,
ndipo mwina, ndinameza malovu, mwina osapezeka konse.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Wa timitengo uja sanatchule mwina," anatero.
"Ndi chifukwa chake tinam'lipira kawiri."
Anamasula mfundo, nawerenga, namanganso.

Makina abwera Loweruka.
Sindikudziwa chomwe chidzatuluke, matope kapena fumbi.
Ndidzakhala pomwepo m'mamawa, tepi m'chikwama,
pensulo kukhutu ngati bambo,
pakuti chilichonse chidzatulukecho ndi nambala,
kadontho ka makumi atatu ndi katatu,
ndipo mdima wa pamapu achiwiri aja
udzasendera pang'ono,
mwina mpaka pa mpanda wa tchalitchi.